Tepi yakuda ndi jumbo sizitchinga madzi pansi pa nthaka

Mvula ikangoyamba mu Novembala kapena Disembala, madandaulo amakhala omwewo chaka ndi chaka. Breaker ikungogwa. Mayunitsi akutha ngati pali wina akuba magetsi. Geti likugwira nyesi. Magetsi a ku boys' quarter akuthima mvula ikagwa, n'kuyambanso kuyaka dzuwa likawala masiku awiri. Mukafunsa mwini nyumba ngati chingwe chodutsa pansi chili ndi polumikiza, amayankha mtima uli m'malo: "Ee palipo, koma anamata bwinobwino ndi tepi, n'kukulunganso jumbo."

Amisiri a magetsi yankho limeneli latitopetsa. Tepi yakuda ya PVC ntchito yake ndi kuphimba waya pamalo ouma, m'bokosi, pamene munthu angathe kutsegula n'kuona. Zomata zake zimafewa ndi kutentha, ndipo chinyezi chikazipeza zimasiya kugwira. Jumbo ndiye imangoipitsa zinthu, chifukwa madzi akalowa satulukanso.

Anthu amapusitsidwa chifukwa ntchito zotere zimagwiridwa m'chilimwe, nthaka ili gwa. Joini, polumikiza chingwe paja, imagwira ntchito Seputembala yense, Okutobala yense, mmisiri uja n'kulandira ndalama zake n'kusowa. Koma pansipo zinthu zimakhala zikuchitika. Magetsi akamadutsa, polumikizapo pamatentha pang'ono ndipo mpweya wa mkati umatuluka. Usiku pakazizira, pamakoka mpweya wachinyezi kuchokera m'dothi. Tsiku ndi tsiku choncho. Mkuwa umayamba kuda, kenako kubiriwira, mawaya opotana aja sagwiranso bwino, ndipo pamene sipakugwira bwino pamatentha kwambiri. Mukadzakumba mumapeza tepi itasanduka phala lakuda lonata, mkati muli timadzi tobiriwira, waya mmodzi atatsala timinga tiwiri tokha. Ndipo madzi sathera pomwepo. Amayenda pakati pa timawaya ta mkati mwa chingwe, moti mutha kusenda mita yathunthu mukupezabe mkuwa wakuda.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi zimene zimachitika breaker ya earth leakage ikayamba kugwa. Chida chimenechi chimazimitsa magetsi chikaona kuti ena akuthawira kwina, ngakhale ochepa ngati 30 mA, chifukwa opitirira pamenepo akadutsa pachifuwa atha kuimitsa mtima wa munthu. Chikamagwa ndiye kuti chikugwira ntchito yake. Koma mwini nyumba amatopa n'kukweza usiku uliwonse, amaitana mnyamata wina wodziwa kupota mawaya, ndipo mnyamatayo amati "breaker yanuyi ndi yofooka, bwana", n'kuilambalala ndi kawaya kapena kuichotsa kumene. Magetsi amayaka, aliyense amasangalala. Pomwepo dothi lonyowa lozungulira joini ija lili ndi moto, mpanda wa waya wapafupi uli ndi moto, mpopi wachitsulo wa panja uli ndi moto. Amene amayenda pabwalo opanda nsapato mvula itakata ndi ana, ndiponso wantchito wochapa pampopi manja ali m'madzi. Munthu akakuuzani kuti mpopi "ukuluma pang'ono", musayembekeze malipiro a kumapeto kwa mwezi. Zimitsani chingwe chimenecho pa DB board, bokosi la ma breaker lija, lero lomwe, chikhale chozimitsa mpaka chitakumbidwa.

Joini yabwino koposa ndi imene kulibe. Ngati mtunda ndi mamita 40, gulani mamita 43, osati zidutswa ziwiri zotsala pa ntchito ina. Komanso chingwe chophwatalala chija cha twin and earth, chomwe timayala m'denga, sichokwirira. Pansi pamafunika chingwe cha armoured, chokhala ndi mawaya achitsulo ozungulira pansi pa khungu lakunja. Koma khasu limadula zingwe, omanga mpanda amadula zingwe, ndiye kulumikiza sikungapewedwe nthawi zonse. Zikatero, njira ndi resin joint kit ya saizi yogwirizana ndi chingwecho, yomwe imapezeka m'mashopu ogulitsa zamagetsi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Mu kit imeneyi mumakhala chikombole chapulasitiki chovekera polumikizapo, ndi resin, mankhwala amadzimadzi omwe amathiridwa m'chikombolemo n'kuuma gwa. Onani tsiku lothera mphamvu lolembedwa pa paketi musanalipire. Resin yokhalitsa pa shelefu siuma bwino.

Za kuzimitsa magetsi ndi kuyeza kuti azimadi sindichedwapo. Amene sadziwa zimenezo asagwire n'komwe. Kumbani dzenje lalikulu loti manja agwire ntchito momasuka, ndipo chingwe chikwezedwe pa njerwa kuti chisakhudze matope. Dulani mbali zonse ziwiri mpaka mkuwa ukhale wowala. Ngati chingwe chafupika, musachikoke kuti chikumane. Ikani chidutswa chatsopano pakati, mupange majoini awiri. Chingwe chokokedwa chimadzasolola chokha nthaka ikamasuntha.

Mawaya salumikizidwa popota ndi pulaya. Amalowetsedwa mu ferrule, kapaipi kakang'ono ka mkuwa, ya saizi yake, ya 4 mm² pa waya wa 4 mm², n'kufinyidwa ndi crimping tool yeniyeni, osati kumenya ndi hamala pa mwala. Mukafinya, kokani mwamphamvu. Ikasuntha, dulani muyambirenso. Ma ferrule asakhale moyang'anizana pamalo amodzi. Dulani mawaya motalika mosiyana kuti wina akhale kutsogolo wina kumbuyo, ndipo muike kapulasitiki kolekanitsa kamene kamabwera mu kit, kuti resin izungulire waya aliyense payekha. Ngati mbali ina ndi aluminium ina mkuwa, pamafunika cholumikizira chapadera cha zitsulo ziwirizo. Mukangozigundanitsa, aluminium amadyeka.

Apa ndi pamene ngakhale ena amene ali ndi mapepala amachita ulesi: mawaya achitsulo aja a armour. Ambiri amangowadula n'kuwasiya. Komatu nthawi zambiri ndiwo njira ya earth ya chingwe chonsecho, yomwe magetsi osokera amathawiramo kuti breaker igwe. Akaduka pakati, chilichonse chachitsulo cha kutsogoloko, kaya bokosi la mota ya geti, kaya mzati wa nyali, chimakhala chopanda chitetezo, ndipo khasu likadzaboola chingwe kumeneko breaker singagwe msanga. Mu kit yabwino mumakhala lamba wolukidwa wa mkuwa ndi masipuling'i awiri ozungulira omwe amamanga lambayo pa armour mbali iyi ndi iyo. Chitsulocho chipalidwe kaye chiwale. Ngati mu kit imene mwagula mulibe zimenezi, si ya chingwe cha armoured.

Khungu lakunja la chingwe, pamene lilowe m'chikombole, likhulidwe ndi sandpaper masentimita asanu kapena kuposa, lipukutidwe, lisakhale ndi fumbi, mafuta kapena dontho la madzi. Resin siigwira pa pulasitiki yosalala, ndipo madzi adzalowera pampata umenewo. Kenako yezani musanathire kalikonse, chifukwa resin ikauma simudzatsegulanso, mudzangodula. Muyeso wake ndi wa insulation tester, chida choyezera ngati magetsi akuthawa m'chingwe, chimene ambiri timangoti megger, pa 500 V: pakati pa waya ndi waya, ndi pakati pa waya aliyense ndi armour. Pansi pa 1 megohm palibe zokambirana, ndipo chingwe chouma bwino chimaonetsa zochuluka kutalitali kuposa pamenepo. Multimeter ya batire yaing'ono singakuuzeni zimenezi. Imanena kuti zonse zili bwino pa chingwe chimene chanyowa mkati.

Tsekani chikombole, matani kumapeto konse kuti resin isadonthe, chikhale chogona mowongoka kamwa lothirira lili m'mwamba. Paketi ya resin ili ndi zigawo ziwiri. Chotsani chotchinga cha pakati, sakanizani pofinyafinya ndi manja mphindi ziwiri kapena monga alembera, mpaka mtundu ukhale umodzi, osaiwala m'makona. Ikayamba kufunda, nthawi yayamba kutha. Thirani pang'onopang'ono mbali imodzi kuti mpweya uthawire mbali inayo, mukugogoda chikombole ndi chala, mpaka idzaze. Ikatsika onjezerani. Kenako chisiyeni. Musachisunthe, musakwirire, ndipo ngati kumwamba kwada phimbani dzenjelo ndi lata. Ena amafuna kupulumutsa ndalama pothira phula la kandulo, silicone kapena simenti m'paipi ya PVC. Phula limang'aluka, silicone wa kubafa amatulutsa asidi wodya mkuwa, simenti imamwa madzi.

Pa mapampu a m'mijigo nkhani ndi yolimbirapo, chifukwa joini ya chingwe cha mota imakhala m'madzi mamita 30 kapena 50 pansi, madzi akuikankha usana ndi usiku. Kumeneko timagwiritsa ntchito resin yomweyo kapena heat shrink, paipi yapulasitiki yofinyika ikatenthedwa, yokhala ndi guluu mkati, waya aliyense yake, n'kuvekanso yaikulu pamwamba pa onse. Imatenthedwa ndi heat gun kuyambira pakati kupita kumapeto mpaka guluu atatulukira mbali zonse. Machesi ndi kandulo zimawotcha mbali imodzi n'kusiya ina yosagwira. Joiniyo iviikidwe mu ndowa ya madzi n'kuyezedwa ndi megger pampu isanatsitsidwe, ndipo chingwe chimangiriridwe ku paipi mamita awiri kapena atatu aliwonse kuti chisakhulike pakhoma la mjigo mota ikamadzuka. Kutulutsanso pampu chifukwa cha joini kumadya ndalama zambiri kuposa kit ija.

Pokwirira, ngalande ikhale yakuya theka la mita kapena kuposa, makamaka podutsa galimoto ndi polimidwa. Mchenga wosefa pansi ndi pamwamba pa chingwe, njerwa pamwamba pa mchenga, kenako dothi pang'ono ndi tepi yochenjeza yachikasu kapena yofiira kuti wokumba aione khasu lisanafike. Yezani mtunda wa joini kuchokera pa ngodya ziwiri za nyumba, lembani pa pepala, mulimate mkati mwa chitseko cha DB board.

Amene mukumupatsa ntchitoyi mufunseni chilolezo chake cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo mufunseni ngati ali ndi megger ndi crimping tool. Akabwera ndi pulaya, mpeni ndi mipukutu iwiri ya tepi basi, mpatseni ya minibasi abwerere.