Kalata ya amfumu si chigamulo cha khoti

Pakhonde la khoti la majisitireti pali mawu amene amamveka sabata iliyonse, ndipo kunena zoona andikwana: "Koma nkhaniyi amfumu anagamula kale." Munthu wanyamula pepala lolembedwa ndi mlembi wa gulupu, chidindo chili pamunsi, iye mtima uli m'malo kuti wagwira chigamulo. Ena ndi aja amaimba foni pawailesi nkhani ya umbava ikavuta, amvekere boma libwezeretse makhoti a makolo a nthawi ya Kamuzu chifukwa ndiwo anali a chikhalidwe chathu. Onsewa akulakwitsa chinthu chimodzi. Sakudziwa kuti malire a pakati pa bwalo la mfumu ndi khoti anawalemba ndani, ndipo anawalembera chiyani.

Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, mzungu wa pa boma anali zonse. Yemweyo ndiye ankatolera msonkho, yemweyo ankalamula asilikali, yemweyonso ankakhala pampando n'kuweruza munthu amene wathawa msonkhowo. Poyamba ankatchedwa Collector, kenako Resident, pambuyo pake District Commissioner, bwana DC amene agogo athu ankamutchula ndi mantha. Ambiri mwa iwo sanaphunzire malamulo. Khoti linali chipinda chimodzi mwa zipinda za ofesi yoyendetsera boma, ndipo matenda ambiri a makhoti athu anayambira pamenepo.

Mu 1902 ku London kunatuluka lamulo lotchedwa British Central Africa Order in Council, limene linakhazikitsa High Court. Muli mfundo ziwiri zimene mpaka lero loya aliyense amazidziwa pamtima. Yoyamba inati malamulo a ku England monga analili pa 11 August 1902 agwire ntchito kuno. Tsiku limenelo likadali ndi mphamvu, n'chifukwa chake mumamva maloya akutchula milandu yakale ya ku England mu khoti la ku Blantyre. Yachiwiri inati pa milandu ya anthu akuda khoti lizitsata mwambo wawo, pokhapokha ngati mwambowo ukusemphana ndi chilungamo, makhalidwe abwino kapena lamulo lolembedwa. Mawuwa amamveka aulemu, koma funsani kuti woyeza chilungamocho anali ndani. Anali mzungu yemwe uja, akumva nkhani kudzera mwa womasulira, akulu awiri atatu atakhala pambali kumuuza kuti mwambo umati chiyani, iye n'kusankha chimene wachikonda. Mwambo unasanduka chinthu choti uchite kuperekeredwa umboni m'dziko la eni ake, pamene lamulo la ku England jaji ankangolidziwa.

Sindikunena kuti zonse zimene anakana zinali zabwino. Lamulo la ufiti la 1911 linaletsa kumwetsa anthu mwavi, ndipo pamenepo miyoyo inapulumuka. Lamulo limenelo likugwirabe ntchito, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mfumu imene ikuitanitsa sing'anga kuti aloze mfiti m'mudzi, kapena ikupitikitsa gogo chifukwa ana amutchula, ndiyo imene ikupalamula.

High Court ija nthawi zina inkaweruza mokomera anthu akuda, koma chigamulo chopanda wochikwaniritsa ndi pepala chabe. Mu 1903 Jaji Joseph Nunan, pa mlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa, anagamula kuti anthu amene azungu anawapeza atakhazikika kale pa malo amene anasanduka esiteti ali ndi ufulu wokhalapo osavutitsidwa. Boma linazengereza, eni maesiteti anapitiriza thangata, ndipo za kuukira kwa John Chilembwe ku Chiradzulu mu 1915 mukuzidziwa. Wofuna kuchita apilo kuchokera ku High Court ankayenera kuyang'ana kunja kwa dziko: poyamba ku East Africa, nthawi ya chitaganya ku Salisbury, ndipo mapeto ake ku Privy Council ku London. Mlimi wa ku Thyolo akanafikako bwanji?

Nanga mafumu? Kwa zaka pafupifupi makumi anayi ankaweruzabe anthu awo pansi pa mtengo monga kale, boma likungoyang'ana kumbali. Lamulo la 1912 linawapatsa maudindo othandiza DC, makamaka pa msonkho ndi bata, osati mphamvu ya khoti. Zinasintha mu 1933, nthawi ya bwanamkubwa Hubert Young, pamene kunabwera malamulo awiri, la Native Authority ndi la Native Courts. Apa m'pofunika kumvetsa bwino momwe makhotiwa ankayendera, chifukwa anthu amaganiza kuti atsamunda anangovomereza mabwalo a makolo momwe analili. Ayi. Mfumu inkakhala ndi khoti pokhapokha boma litailembera chikalata cha chilolezo, ndipo chikalatacho n'chimene chinkanena milandu imene ingazenge, chindapusa chimene ingalipiritse ndi kutalika kwa ndende imene ingapereke. Boma linkatha kuchilanda. Khotilo linkazenga anthu akuda okha. Milandu yakupha sinkafikako. Maloya sankaloledwa kulowa. Kalaliki ankalemba mlandu uliwonse m'kaundula, ndipo DC akabwera ankatsegula kaundulayo n'kusintha chigamulo, kuchepetsa chilango kapena kusamutsa mlandu, ngakhale palibe amene wadandaula. Apilo inkapitanso kwa DC yemweyo isanakwere kumtunda.

Bwalo lakale cholinga chake chinali choti anthu amene akangana adzamwere limodzi madzi mawa. Ankhoswe, nduna, eni mbumba, aliyense ankayankhula, wolakwa n'kupereka nkhuku kapena mbuzi ya chipepeso kwa amene wamulakwira. Khoti la 1933 linabweretsa chindapusa cholowa m'thumba la Native Authority, amesenjala a yunifolomu ndi ndende. Choipitsitsa, linapatsidwa ntchito yolanga anthu ophwanya malamulo a boma. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 anthu ambirimbiri analipitsidwa ndi kumangidwa m'makhoti a mafumu chifukwa cha malimidwe, kuti sanaunde mizere yopingasa kapena sanazule mapesi a thonje pa nthawi yake. Mfumu yokana inkaona zakuda. Inkosi Gomani Philip wa ku Ntcheu anachotsedwa pampando mu 1953 atauza anthu ake kuti asamvere malamulo amenewa pokana chitaganya. Woweruza amene angachotsedwe ndi munthu amene akufuna kuti mlandu uthe mwakutimwakuti sangaweruze momasuka, kaya wavala mkanjo wa jaji kaya nduwira ya ufumu.

N'chifukwa chake a Malawi Congress Party atangolowa m'boma, dziko lisanalandire ufulu, chimodzi mwa zinthu zoyamba kukonza chinali makhoti. Lamulo la Local Courts la 1962, limene Orton Chirwa analitsogolera ali ku unduna wa zachilungamo, linachotsa mafumu pa mipando yoweruzira n'kuikapo apampando osankhidwa ndi kuphunzitsidwa ntchitoyo, ndipo DC anayamba kuchotsedwa dzanja lake pa milandu. Maganizo ake anali olondola: wolamulira akhale payekha, woweruza payekha.

Zimene zinatsatira ndi zimene zimandiwawa mpaka lero. Anthu atayamba kuphedwa usiku ku Chilobwe kuyambira 1968, oyamba kuimbidwa mlandu anamasulidwa ku High Court chifukwa umboni unali wosakwanira. Dr Banda anakwiya, nati malamulo a azungu akupulumutsa zigawenga. Mu 1969 nyumba ya malamulo inasintha lamulo lija, makhoti aja anatchedwa Traditional Courts, ndipo kunakhazikitsidwa makhoti a m'zigawo okhala ndi mphamvu yozenga milandu yakupha ndi kugamula kuti munthu anyongedwe. Pambuyo pake anawonjezerapo milandu youkira boma. Majaji achingerezi a ku High Court anatula pansi udindo. Pa khoti la m'chigawo pankakhala anthu asanu, ambiri mwa iwo mafumu, wophunzira malamulo mmodzi yekha, onse oikidwa ndi boma ndipo ochotsedwa ndi boma. Loya sankaloledwa. Malamulo a umboni sankatsatidwa mokhwima. Apilo sinkapita ku High Court koma ku National Traditional Appeal Court. Yang'anani bwino mndandanda umenewu: chilolezo chochokera kuboma, kuletsa maloya, woweruza wodalira wolamulira. Zonsezi ndi mafupa a khoti la atsamunda la 1933, kungoti tsopano analipatsa chingwe chonyongera, chinthu chimene ngakhale atsamundawo sanapatse mafumu. Makolo athu analibe khoti lotere.

Albert Muwalo, yemwe anali nduna ya boma, anaweruzidwa m'khoti limeneli n'kunyongedwa mu 1977. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, onse awiri maloya, anagwidwa kumalire a Zambia pa 24 December 1981 n'kukazengedwa mlandu woukira boma ku khoti la makolo la chigawo cha kummwera. Sanaloledwe kukhala ndi loya, ndipo mboni zimene anapempha kuti ziitanidwe sizinaloledwe. Mu May 1983 anawagamula kuti aphedwe. Khoti la apilo linavomereza chilangocho mu 1984, kenako chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992, Vera anatuluka mu January 1993. Munthu amene anagwira ntchito yolekanitsa ufumu ndi uweruzi anafera m'manja mwa khoti limene linaphatikizanso ziwirizo. Amene mukuitanitsa makhoti amenewa chifukwa mbava zakukwiyitsani, dziwani kuti khoti losafuna umboni silisankha. Lero ligwira wakuba mbuzi, mawa ligwira mwana wanu chifukwa wina wamunamizira.

Makhoti akuluakulu a makolo anaimitsidwa mu 1993, ndipo ang'onoang'ono ambiri anasanduka makhoti a majisitireti a magiredi otsika. Gawo 110 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limalola nyumba ya malamulo kukhazikitsa makhoti a m'madera, koma a milandu ya mwambo ndi timilandu ting'onoting'ono basi. Lamulo la Local Courts linadutsa mu 2011 koma makhotiwo sanafalikire m'midzi, ndipo mpata umenewo ndi umene bwalo la mfumu likutseka. Ntchito imene mafumu akugwira ndi yaikulu, ndipo popanda iwo makhoti akanakwiririka ndi milandu ya malire a dimba ndi mbuzi zodya chimanga. Koma ntchitoyo ndi yoyanjanitsa. Mfumu ilibe mphamvu yotsekera munthu, yokwapula, yolanda katundu kapena yothamangitsa banja m'mudzi ngati chilango. Pa nkhani za malo a makolo, lamulo la 2016 linaika mabwalo akeake amene mafumu amakhalamo, ndipo kumeneko mphamvu yawo ikuchokera m'lamulolo, yokhala ndi njira ya apilo yofika ku High Court. Kalata ya amfumu ikhoza kukuthandizani ngati umboni wa zimene munagwirizana, choncho isungeni. Koma simungapite nayo kwa sherifu kuti akalande katundu wa amene akukukanizani ngongole.

Chimene chimawononga anthu kwambiri ndi nthawi. Munthu wagundidwa ndi galimoto, achibale a dalaivala abwera ndi thumba la chimanga, nkhani ikambidwa kwa nyakwawa, alonjeza kuti azithandiza, zaka zikudutsa. Mlandu wofuna chipukuta misozi pa kuvulala uyenera kufika kukhoti zaka 3 zisanathe. Wa ngongole kapena pangano, zaka 6. Zikadutsa, ngakhale muli ndi mboni khumi, mnzanuyo angonena kuti nthawi inatha. Amene wapezeka wolakwa kwa majisitireti ali ndi masiku 10 okha oti alembe kuti akufuna kuchita apilo. N'zoona kuti High Court imaunikanso zilango zina zochokera kwa majisitireti popanda wopempha, mwambo umene tinatengera kwa atsamunda omwewo, koma mafailo amachedwa ndipo munthu akhoza kumaliza chilango jaji asanatsegule failo yake. Musadikire zimenezo. Wogwidwa ndi apolisi ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ngati Chingerezi sachimva ali ndi ufulu wa womasulira wolipidwa ndi boma. Ngati womasulirayo akudumpha mawu anu, imikani dzanja muuze khoti nthawi yomweyo, chifukwa jaji wa apilo adzawerenga zokhazo zimene zinalembedwa.

Pali milandu ina imene siyenera kugona kwa amfumu ngakhale usiku umodzi. Mwana akagwiriridwa, pitani naye kuchipatala ndi kupolisi tsiku lomwelo, asanasambe, zovala zake musachape. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo umboni wa m'thupi suchedwa kufufutika. Mbuzi ya chipepeso siithetsa mlandu umenewu, ndipo amene akukakamiza banja kuti likambirane zapachiweniweni akuthandiza wolakwa kuthawa. Chimodzimodzi kulanda katundu wa masiye: lamulo la 2011 limati ndi mlandu wa kupolisi, kaya olandawo akuti mwambo wa kwawo umatero.

Mukafika kukhoti chenjerani ndi madobadoba amene amazungulira pakhomo atanyamula zikwama, akuti amadziwana ndi majisitireti kapena akhoza kufulumizitsa belo. Belo ya kupolisi siigulidwa. Ndalama iliyonse yolipira kukhoti, kaya ya samani kaya ya chindapusa, imaperekedwa ku ofesi ya kashiya ndipo mumalandira lisiti ya boma. Amene akudzitcha loya mufunseni chiphaso chake cha chaka chino, kapena mufufuze dzina lake ku Malawi Law Society musanamupatse khobidi. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau mutanyamula mapepala onse, kuphatikizapo kalata ya amfumu ija, ndipo pitani sabata ino.