Nsapato za summer, fumbi la October ndi phazi lanu

Sabata yatha kunabwera mtsikana wina pamalo panga pantchito, foni ili m'manja, chithunzi atachikuza kale ndi zala ziwiri. "Ankolo, ndikufuna izi ndendende, ndi zimene zili m'fasho summer ino." Inali nsapato yoyera mbee, yosokedwa ndi kansalu konga neti ya udzudzu, kunsi kwake kopyapyala ngati chikuto cha kope. Ndinamufunsa kumene amakhala, akuti ku Bangwe. Nanga kuntchito amapita bwanji? Wapansi mpaka pa siteji, minibasi mpaka m'Limbe, kenako wapansinso. Ndinamuuza mosapsatira kuti nsapato imeneyo siifika pa malipiro a mwezi wamawa. Anangoti "chabwino ankolo" n'kutuluka, ndipo mtima wanga ukundiuza kuti anakaigula kwina.

Ndakhala ndikusoka, kukonza ndi kugulitsa nsapato za amayi kwa zaka zoposa 20, ndipo mawu akuti "zili m'fasho" andikwana. Sikuti ndimadana ndi kutchena. Ndimadyera momwemo, ndipo palibe chimene chimandikomera ngati kuona mayi akutuluka pakhomo panga akuponda monyadira. Chikundiwawa n'choti mukutsatira kalendala ya eni ake, misewu ya eni ake, ngakhale khungu la eni ake, koma ululu wake ukugwera phazi lanu.

Mawu a spring ndi summer amene adzaza pa Facebook ndi TikTok ndi nyengo za ku Ulaya ndi ku America. Kumeneko spring ndi March mpaka May, summer ndi June mpaka August. Okonza mafasho amaonetsa zovala ndi nsapato za nyengo zimenezi ku New York, London, Milan ndi Paris m'miyezi ya September ndi October chaka chisanathe, katundu n'kudzalowa m'masitolo chaka chinacho chitayamba. Ndiye taganizani: mtsikana wa ku London akamajambulitsa masandasi a tizingwe mu July, ife kuno tili pakati pa chisanu, chiperoni chikuwaza ku Thyolo ndi ku Mulanje, ku Dedza anthu akuwotha moto masanasana. Katundu wa amayi okaoda ku Joni yekha ndiye amagwirizana nafe pa nthawi, chifukwa kumeneko spring imayamba September ngati mmene kumayambira kutentha kuno.

Komabe ngakhale nthawi igwirizane, pali china. Miyezi yathu yotentha ili pawiri. Pali chilimwe, September mpaka November, cha fumbi lofika m'akakolo ndi phula lootcha ngati chiwaya. Kenako dzinja, December mpaka March, la matope ndi madzi othamanga m'misewu. Nsapato imodzi singatumikire ziwirizi, ndipo amene anajambula nsapato ili pafoni yanuyo sankaganiza za china chilichonse mwa ziwirizi. Ankaona mayi wotsika m'galimoto n'kuponda simenti yosesa.

Za mitundu nazo. Kuli kampani ya ku America yotchedwa Pantone imene mwezi wa December uliwonse imalengeza mtundu wa chaka chikubweracho, ndipo opanga nsalu, zikwama ndi nsapato ambiri amatengera pomwepo. Mu 2023 unali Viva Magenta, wofiira wopendekera ku pinki. Mu 2024 unali Peach Fuzz, wotumbululuka ngati mkati mwa papaya losapsetsa. Mu 2025 unali Mocha Mousse, bulauni wa khofi wothira mkaka. Chaka cha Peach Fuzz chija shelefu yanga inadzaza ndi nsapato zobwera kudzatsukidwa, ndipo zambiri ndinazibweza mmene zinabwerera. Dothi lathu la katondo silikhala pamwamba pokha, limalowa mu ulusi ngati utoto. Mukathira jiki, nsapato yoyera yapulasitiki imasanduka yachikasu ndipo ulusi wosokera umafumbwa. Palibe mmisiri angabwezeretse zimenezo.

Mtundu wotumbululuka ukakukomerani, uvaleni pamene sipagunda pansi: bulauzi, duku, chikwama, chitenje. Zimenezo zimachapika. Kuphazi ikani bulauni, wakuda, wofiira wakupsa ngati chidede, kapena wagolide ngati ndi za ukwati. Ndipo ndinenepo za mtundu umene ogulitsa amautcha nude, chifukwa apa ndiye mumapusitsidwa kwambiri. Tanthauzo lake ndi nsapato yofanana ndi khungu la woivala, kuti mwendo uoneke wautali. Kwa zaka zambiri opanga ankangotulutsa ya khungu la azungu. Christian Louboutin wa ku Paris anatulutsa mitundu isanu ya nude mu 2013 pofuna kufikira makungu osiyanasiyana, ena n'kumatsatira pambuyo. Nude wa mayi wa ku Ntcheu ndi bulauni, osati kirimu. Mocha Mousse uja ndiye anatikomera ife kuposa amene anamulengeza.

Za kupukuta ndi kupolisha sindinena, munaphunzira kupulayimale. Ndinene za kaunjika. Musandimve molakwa, m'belo mumatuluka nsapato zabwino zachikopa kuposa zambiri za m'masitolo, ndipo nanenso ndimakasankha m'mawa belo likamatsegulidwa. Koma imene ndimaiopa ndi yomwe inu mumaithamangira, ija wogulitsa amati "iyi mayi sinapondepo pansi." Nsapato zambiri zamakono kunsi kwake amapangira pulasitiki wofewa wotchedwa polyurethane. Ameneyu amawola ndi chinyezi cha mumpweya, ndipo amawola msanga nsapato ikangokhala m'bokosi osavalidwa, makamaka kotentha. Pamaso imaoneka yatsopano, koma mkati inatha kalekale. Mwaivala Loweruka, mwatsika basi, mwayenda pang'ono, kunsi kwayamba kunyenyeka ngati chigumu chouma. Ndaona amayi akufika kwa ine atanyamula zidutswa m'jumbo, akuti ndimate. Sizimatika. Musanapereke ndalama, ipindeni nsapatoyo mwamphamvu, kanikizani chikhadabo kunsi kwake. Ikaonetsa timing'alu, ikamamata m'manja, kapena ikasiya tinyenyeswa, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo mpaka pati.

Tsopano sayizi, pamene pagona nkhani yonse imene yandilembetsa izi. Phazi limatupa dzuwa likakwera, makamaka mu October, choncho nsapato yesani masana, mutaimirira, mapazi onse awiri, pakuti limodzi limakhala lokulirapo. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wokwana chala chamanthu chopingasa. Nambala yolembedwa isakunamizeni: 39 ya ku Ulaya ndi pafupifupi 6 ya ku Britain ndi ku Joni, pomwe ku America yomweyo amailemba 8 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiponso phazi la mayi limatha kukula akabereka, osabwereranso. Mawu akuti "ine ndimavala 5 kuyambira kusekondale" ndawamva kosawerengeka, mwini wake zala zitapindikira mkati ngati nyemba m'khoko. Chikopa chenicheni chimamasuka pang'ono ndi kuvala. Pulasitiki samasuka. Nsapato zoonekera mkati zija, zimene zabwereranso m'fasho zaka zino, sizipuma, thukuta limadzaza, phazi limatsetsereka, khungu n'kumakhuzika pamalo amodzimodzi tsiku lonse.

Zaka zingapo zapitazo, mwezi wa October, kunabwera mayi wina wachikulire ndithu, waulemu wake, mwana wawo wamkazi akuchita chinkhoswe. Anabwera ndi nsapato yapulasitiki yoonekera mkati, yagogoda pang'ono, imene mwanayo anawagulira kuti afanane ndi azakhali ndi amayi aang'ono. Inali yochepa ndi nambala yathunthu. Anandipempha kuti ndiikuze. Ndinati, "Amayi, iyi siikula, tiyeni ndikupezereni ina yachikopa." Anati sangasiyane ndi anzawo pa tsiku la mwana wawo. Pamene ndinkawavula, ndinaona kuti lamba wa nsapatoyo wadinda mzere wakuya pa kachala kakang'ono, khungu litachita kuyera. Ndinafunsa ngati sakumva kuwawa. Anaseka n'kunena kuti, "Aa bambo, mapazi angawa ndi olimba, samva kanthu masiku ano." Pocheza anatchulanso kuti akuchokera kotenga mankhwala a shuga.

Mawu awiri amenewo ndinawamva ndi makutu angawa, koma sindinawalumikize. Ndinangowachenjeza za matuza ngati mmene ndimachenjezera aliyense, iwo n'kupita. Anakapeza mnyamata wina wokonza nsapato m'mbali mwa msewu amene anaiviika m'madzi otentha, n'kuwauza kuti yakula. Anavina nayo tsiku lonse pa perekaniperekani. Madzulo povula anapeza thuza litaphulika kale, magazi ataumira mkati mwa nsapato, iwo osamva chilichonse.

Poti chilondacho sichinkawawa, anachiyesa chaching'ono. Sabata yoyamba anamangapo kansalu. Yachiwiri mnzawo anawatengera kwa bambo wina amene amati amadziwa za mapazi, ndipo iyeyo anapala m'mbali mwa chilondacho ndi lumo, n'kuthirapo ufa wakuda wa mankhwala ake, n'kuwauza kuti aziviika phazi m'madzi otentha amchere. Pofika kuchipatala sabata yachinayi, chala chinali chitada ndipo fungo linali litayamba. Anadula zala ziwiri.

Anabweranso kwa ine patapita miyezi, akutsimphina, kudzafunsa ngati ndingawasokere nsapato yokwana phazi limene latsalalo. Sanandidandaule ngakhale pang'ono. Koma ine mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chimene sindinaikire nsapato ija pansi n'kuwauza kuti, amayi, phazi losamva ululu si lolimba, ndi lodwala. Anamwino amene ndacheza nawo chichitikireni zimenezi anandifotokozera bwino. Shuga akakhalitsa m'thupi amapha mitsempha yomvera ya kumapazi, amachepetsanso kayendedwe ka magazi, choncho munthu amavulala osadziwa ndipo chilonda chimachedwa kupola. Ululu umene enafe umatichititsa kuvula nsapato yothina, iwo alibe. Madzi otentha aja amatha kuwawotcha osazindikira n'komwe.

Ndiye ndikupempheni, amayi ndi achemwali anga, ndipo ana aakazi amene mumagulira amayi anu nsapato pa 15 October, tsiku la anakubala, mumve bwino. Ngati m'nyumba mwanu muli wodwala shuga, nkhani ya fasho kuphazi kwake ithe lero. Avale nsapato yotseka, yofewa mkati, yotakasuka kutsogolo, yopanda msoko wokhula. Asanaivale apisemo dzanja, mwina mwalowa kamwala. Madzulo aliwonse aziyang'ana mapazi, pansi pake ndi pakati pa zala, ndipo ngati maso kapena msana sizilola, wina awayang'anire. Thuza, mng'alu wa chikang'a umene wayamba kutuluka madzi, chala chosintha mtundu, kutupa, kutentha pamalo amodzi: kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Osadikira kuti chiyambe kuwawa, chifukwa mwina sichiwawa mpaka mapeto.

Ndipo lumo lisayandikire phazi la munthu ameneyu. Aliyense wokuuzani kuti apala chikundu kapena adula chikhadabo cholowa m'mnofu ndi lumo la pamsika, aliyense wothira phulusa, makala a batire, mafuta a galimoto kapena ufa wosadziwika pachilonda, mukaneni ngakhale akhale mbale wanu. Amene amachita izi amalankhula mokoma ndipo amatchula anthu ambiri amene anawachiritsa. Amene anadulidwa miyendo sawatchula.

A ntchito yangayi nawonso alipo otere, ndipo ndi amene amatipatsa dzina loipa. Wothira supagulu pachikopa amakuphera nsapato, chifukwa guluu ameneyu akauma amalimba gwa, chikopa n'kuthyoka pomwepo, ndipo chotupa chake cholimbacho chimatsalira mkati n'kumakhula phazi. Guluu wa nsapato amapakidwa mbali zonse ziwiri, n'kudikira kuti aume kaye pang'ono, kenako kukanikiza ndi kusoka. Wokulonjezani kuti asintha nsapato yanu yakuda kukhala yachikasu ndi penti wopopera akukuberani, pentiyo amasweka pa ulendo woyamba. Wokhomera chidendene cha gogoda ndi msomali wautali osaupinda bwino mkati akukutcherani msampha. Mukalandira nsapato kokonzetsa, pisanimo dzanja mpaka kutsogolo musanalipire. Ndipo ikanyowa ndi mvula ya December musaiyanike pamoto kapena padzuwa la masana. Ikanimo nyuzipepala, iume pamthunzi.

Mayi aja ndinawajambula phazi pa katoni, ndipo katoniyo ikadali pamsomali kuseri kwa mashini anga, mbali imodzi yoduka pamene panali zala ziwiri zija. Amabwera chaka chilichonse mvula isanayambe, ndimawasokera peyala imodzi yachikopa chofewa, ndipo ndisanayeze chilichonse ndimayamba ndawavula masokosi n'kuyang'ana pakati pa zala zotsalazo. Ulendo wathawu anabwera ndi mdzukulu, amene anawaonetsa mtundu wina pafoni. Anandifunsa ngati ndili ndi chikopa cha bulauni wa khofi wamkaka. Ndinali nacho.