Mbiri ya banki imalowa m'mtengo wa ngongole yanu

Amalonda ambiri muno mu Harare, kuphatikizapo abale athu a ku Mbare ndi ku Highfield amene ali ndi timakampani ku Graniteside, amadziwa kuti akapempha ngongole banki idzafufuza mbiri yawo, koma ndi ochepa amene amafufuza mbiri ya bankiyo. Monga mlangizi wa za ngongole, zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa dzina la wobwereketsa limakhudza chiwongoladzanja, nthawi yobwezera ndiponso chikole.

Ndalama zambiri zimene banki imabwereketsa si zake, ndi za anthu osungitsa komanso za mabungwe akunja. Banki yodalirika imazipeza motsika mtengo ndipo eni ndalamazo sazifuna msanga, choncho ikhoza kukupatsani zaka zingapo zobwezera. Mwachitsanzo, mabanki a CABS, NMB ndi First Capital Bank adalandira ndalama zotere ku European Investment Bank, banki ya maiko a European Union, kuti azibwereketsa makampani. First Capital ndi ija inali Barclays, isanagulidwe mu 2017 ndi gulu la FMB lochokera ku Malawi.

Banki imene anthu akuikayikira imakopa osungitsa powalonjeza phindu lalikulu, ndipo wolipira phindulo ndi inu wobwereka. Popeza osungitsawo akhoza kutapa ndalama zawo tsiku lililonse, ngongole zake zimakhala za miyezi yowerengeka. Choopsa kwambiri chimabwera ikagwa. Mu 2004 Reserve Bank of Zimbabwe, banki yaikulu ya dziko lino, idaika Trust Bank, Royal Bank ndi Barbican Bank m'manja mwa oyang'anira apadera, ndipo zikatero ngongole yanu sifafanizidwa: woyang'anira amatolera zimene banki ikuyenera kulandira, pomwe ndalama zanu zoyendetsera bizinesi zatsekeredwa momwemo.

Komabe banki ya dzina labwino ndi yovuta pakhomo. Poteteza dzinalo imafuna mabuku owerengedwa ndi akatswiri, mapepala a umwini wa nyumba, ndi malonjezo akuti simudzakongola kwina musanaidziwitse. Ambiri amatopa nazo n'kuthamangira kwa wopereka msanga, koma ine ndimaona kuti kudikira milungu ingapo n'kopepuka poyerekeza ndi chiwongoladzanja chimene adzasenze.

Musanasaine, werengani malipoti a chuma amene mabanki amasindikiza m'manyuzipepala, ndipo mufunse ngati mgwirizano ukulola banki kusintha chiwongoladzanja kapena kuitanitsa ngongole yonse nthawi isanakwane. Funsaninso ngati mudzabweza m'madola a ku America kapena mu ZiG, ndalama ya Zimbabwe imene idayamba mu 2024.