Satifiketi ya pakhoma si chilolezo chobaya anthu masingano

Ndatopa kumva odwala akundiuza kuti, "Adokotala, munthu amene anandibaya masingano uja ndi wophunzira, satifiketi yake ndinaiona pakhoma." Anaipereka ndani satifiketiyo, ndipo mwini wakeyo anaphunzira nthawi yaitali bwanji? Mafunso awiriwa palibe amene amafunsa asanavule malaya.

Acupuncture, chithandizo chochokera ku China chobaya timasingano m'thupi, si luso lophunzira Loweruka ndi Lamlungu. Mu 1999 bungwe la WHO linatulutsa malangizo oti munthu amene si dokotala aphunzire maola 2,500, ndipo 500 mwa maola amenewa akhale a zachipatala zamakono, kuti adziwe pamene pali mapapo ndi mitsempha ikuluikulu, komanso azindikire matenda ofunika kuwatumiza kuchipatala. Ngakhale dokotala wongofuna kuwonjezera lusoli pa ntchito yake anamuikira maola osachepera 200.

Kuno ku South Africa lamulo la Allied Health Professions Act la 1982 likuti wochita acupuncture alembetse ku bungwe loyang'anira ntchito zotere la AHPCSA. Mufunseni nambala yake ya m'kaundula, mukaifufuze nokha. Akayamba kuzemba, valani nsapato muzipita. Abale amene muli ku Britain samalani kwambiri, poti kumeneko boma lilibe kaundula wokakamiza wa ntchitoyi. Chilolezo cha khonsolo chimene mumaona pakhoma chimayang'ana kwenikweni za ukhondo, osati nzeru za wobayayo. Mabungwe monga British Acupuncture Council munthu amalowa mwa kufuna kwake.

Nkhani imene imandipwetekabe mtima ndi ya mayi wina wa kwathu, wogwira ntchito zapakhomo mu Johannesburg. Mapewa ankamuwawa chifukwa cha kusita ndi kukolopa, ndiye mnzake anamulozera kachipinda kena kuseri kwa saluni. Anamubaya pamwamba pa phewa, pafupi ndi khosi. Ambiri sadziwa kuti nsonga ya phapo imafika mpaka pamwamba pa fupa la m'munsi mwa khosi, ndipo kwa munthu wochepa thupi singano siyenda mtunda wautali isanaliboole. Madzulo ake mayiyo anayamba kumva kubaya m'chifuwa ndi phuma. Ataimbira wobaya uja, anamuyankha kuti ndi matenda akutuluka, amwe madzi ofunda agone. Iye anamvera, komanso ankaopa kuti kuchipatala akamufunsa za mapepala okhalira m'dziko muno. Pofika kwa ife ankalephera kumaliza chiganizo. X-ray inaonetsa phapo litafwapa, mpweya utadzaza m'chifuwa, ndipo tinamuika paipi pakati pa nthiti. Anachira. Chimene chimandikwiyitsa si kuphonya kwa singano, poti ngakhale wophunzira bwino zikhoza kumuchitikira mwa apo ndi apo. Ndi yankho la pafoni lija. Munthu amene anakhaladi m'kalasi akanamuuza kuti athamangire kuchipatala nthawi yomweyo.

Singano iliyonse itsegulidwe m'paketi mukuona, ikagwira ntchito itayidwe. Yobwereza imafalitsa hepatitis B monga limachitira lumo lotemera mphini anthu angapo. Ngati mumamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena muli ndi pakati, nenani asanakubayeni. Ndipo aliyense wokuuzani kuti masingano athetsa shuga, khansa kapena HIV, musiye ma ARV kapena insulin, ndi wakuba, kaya khoma lake ladzaza mapepala a zidindo zagolide. Mukamva phuma, chifuwa kubaya kapena chizungulire mutabayidwa pamsana, paphewa kapena pachifuwa, musaimbire wobayayo ndipo musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala usiku womwewo, mukanene malo enieni amene singano inalowa.