Kasingano pakhosi: mmene timadziwira ngati chotupa cha chithokomiro ndi choopsa

Munthu akamva kuti pachithokomiro pake, kachiwalo ka pakhosi kotulutsa mahomoni, pali kachotupa, maganizo amathamangira ku khansa. Komatu pa zotupa 10 zotere, 9 kapena kuposa sizikhala khansa. Chovuta n'chakuti dzanja la dokotala, kaya ndi katswiri bwanji, silingasiyanitse chabwino ndi choipa pongokhudza. Kale ofuna kutsimikiza ankangochita opaleshoni, ndipo ambiri anang'ambidwa pakhosi chifukwa cha chotupa chomwe akanakalamba nacho bwinobwino. Madokotala a ku Sweden ndiwo anatchukitsa, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, njira yoyamwa maselo ndi kasingano kowonda kwambiri, yomwe kuchipatala timangoti FNA.

Singano sitiyambira. Choyamba timayeza magazi kuti tione mlingo wa TSH, mahomoni amene amalamulira ntchito ya chithokomiro. Ukatsika, kawirikawiri ndiye kuti chotupacho chikutulutsa mahomoni ochuluka, ndipo zotupa zoterozo sizikhala khansa kwenikweni. Kenako timajambula khosi ndi ultrasound, makina oonera m'kati mwa thupi. Chotupa chodzaza madzi okhaokha sichitidetsa nkhawa. Chimene timachiyang'ana kawiri ndi cholimba, chooneka chakuda pachithunzi, cha m'mbali mosasalala, kapena chokhala ndi timadontho towala ta kashiamu. Chotere chikafika sentimita imodzi timachibaya.

Wodwala amagona chagada, katsamiro kali pansi pa mapewa kuti khosi liwongoke. Tikapukuta khungu ndi mankhwala timamuuza kuti, "Musameze malovu, musalankhule," poti chithokomiro chimakwera ndi kutsika munthu akameza. Kasinganoko n'kochepa kuposa kotengera magazi pamkono. Timakalowetsa tikuyang'ana pamakina, n'kukayendetsa pang'ono kwa masekondi ochepa, n'kuzula. Timabwereza kawiri kapena katatu. Zotulukazo, kadontho chabe, timazipaka pagalasi n'kutumiza kulabotale. Munthu amanyamuka n'kukakwera minibasi yake. Mwina pamatupa pang'ono kapena kupweteka tsiku limodzi. Amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin, aneneretu.

Funso lomwe silisowa ndi lakuti, "Adokotala, mukachibaya sichifalikira?" Mantha amenewa ndi omveka, koma khansa kufalikira potsata njira ya singano yowonda chonchi n'chinthu chosowa kwambiri, moti si chifukwa chokanira kuyezedwa.

Nkhani imakula pa zotsatira. Malabotale ambiri amatsata dongosolo la Bethesda, lomwe linachokera ku msonkhano wa 2007 ku United States, ndipo limagawa mayankho m'magulu 6. Gulu 2 ndiye nkhani yabwino: si khansa. Gulu 6 ndi khansa, gulu 5 ndi yokayikitsa kwambiri. Gulu 1 likutanthauza kuti maselo anachepa. Woyeza amafuna kuona pagalasi timagulu ta maselo tosachepera 6, kalikonse ka maselo osachepera 10, apo ayi timabwereza. Wodwala asaganize kuti tikumubisira kanthu.

Magulu 3 ndi 4 ndiwo amatipweteketsa mutu. Pali mtundu wa chotupa wotchedwa follicular, womwe maselo ake amaoneka chimodzimodzi kaya ndi khansa kaya ayi. Kusiyana kwake kuli pa chikopa chokuta chotupacho: ngati maselo achiboola kapena alowa m'mitsempha ya magazi, ndiye khansa. Kasingano sikangaonetse zimenezo, popeza kamangotola maselo a m'kati. Pa gulu 4 nthawi zambiri timachotsa theka la chithokomiro kuti liyezedwe lonse, ndipo ambiri amapezeka kuti analibe khansa.

Ine sindigwirizana n'zobaya kachotupa kalikonse komwe makina aona. Ku South Korea atayamba kujambula makosi a anthu osadwala, opezeka ndi khansa ya chithokomiro anachuluka pafupifupi ka 15 pakati pa 1993 ndi 2011, koma chiwerengero cha omwalira nayo sichinasinthe. Zambiri zinali tikhansa ta mtundu wa papillary, tomwe timakula mwapang'onopang'ono. Kwathu kuno vuto ndi lina: anthu amabwera khosi litakula kale, atatha zaka akuti ndi chithokomiro wamba chosowa ayodini.

Yankho la gulu 2 likatuluka timangoyang'anira chotupacho ndi kujambulanso pakapita chaka kapena ziwiri. Koma mawu akayamba kusasa osachira, chotupa chikamakula msanga, kumeza kapena kupuma kukamavuta, kapena mwanabere wolimba akatuluka m'mbali mwa khosi, bwererani kuchipatala osadikira tsiku lomwe munapatsidwa.