Mkangano wa piyano ku Cairo mu 1932

Zimbale zatsopano zophatikiza okesitira ya ku Ulaya ndi maqam, kasanjidwe ka manoti m'nyimbo za Aarabu, zadzutsanso funso lakale: noti yogwera pakati pa makiyi awiri a piyano ikhale pati? Ibrahim Maalouf amaomba lipenga la mavalavu anayi, limene bambo ake Nassim anakonza kuti lizifika pa manoti amenewa. Mu 2021 Khyam Allami anatulutsa Leimma ndi Apotome, mapulogalamu aulere a pa intaneti, podandaula kuti zida za pakompyuta zimakakamiza aliyense kachunidwe ka piyano. Nkhaniyi inabuka poyera ku Cairo mu Malichi 1932, pa msonkhano wa nyimbo za Aarabu umene anaitanitsa Mfumu Fuad I ya ku Egypt.

Piyano imagawa octave, mtunda wochokera pa C kufika pa C yotsatira, m'magawo 12 ofanana, lililonse ma cent 100 (cent ndi muyeso wa mtunda wa pakati pa manoti). Maqam yotchedwa rast silowa m'menemo, chifukwa noti yake yachitatu, sikah, ili pakati pa E ndi E flat. Kale m'zaka za m'ma 1800 Mikhail Mishaqa analemba za kugawa octave m'magawo 24, lililonse ma cent 50. Akatswiri ambiri a ku Egypt ankafuna kuti msonkhano uvomereze zimenezi, kuti nyimbo zizilembeka, ziziphunzitsika m'sukulu, ndi kuti papezeke piyano yoziimba. Sitingawaone ngati opusa. Ankaona nyimbo zawo zikunyozedwa kuti nzachikale, ndipo ankafuna zilemekezeke.

Chodabwitsa nchakuti alendo a ku Ulaya, monga Curt Sachs ndi Erich von Hornbostel, ndi amene anakana piyanoyo, ati idzapha kukoma kwa maqam. Alois Hába wa ku Prague, amene ankapeka kale nyimbo za magawo 24, anali mbali inayo. Rauf Yekta Bey wa ku Istanbul anakana magawo ofananawo kwamtuwagalu. Komiti ya sikelo, yoona za mndandanda wa manoti, inayesa nsambo, kumvetsera oimba qanun (chida cha nsambo zambiri), kuwerengetsa, koma sinamvane chimodzi.

Vuto lake limamveka ndi khutu. Papepala sikah ili pa ma cent 350, koma ku Cairo amaiika mmunsi pang'ono, ku Aleppo mmwamba, ku Istanbul mmwamba kwambiri moyandikira E ya piyano. Ngakhale woimba mmodzi yemweyo amaitsitsa akachoka mu rast nkulowa mu maqam ina yotchedwa bayati. Woimba oud (chida cha nsambo chonga gitala) kapena vayolini amangosendeza chala, poti khosi la chida chake lilibe timizere. Piyano ikachunidwa yachunidwa.

Lipoti la msonkhano linasindikizidwa m'Chiarabu ndi m'Chifalansa, koma muli makamaka mawu a ophunzira ndi akuluakulu a boma. Zimene ankaganiza oimba enieniwo sizinalembedwe mokwanira. Umboni wawo uli pa mbale za galamafoni zoposa 150 zimene komiti ya Robert Lachmann inajambulitsa, wopeka nyimbo Béla Bartók ali m'komitiyo: magulu a ku Morocco, Algeria, Tunisia, Syria, Egypt, ndi Muhammad al-Qubbanchi wa ku Baghdad. Laibulale yaikulu ya dziko la France inazitulutsanso mu 2015 pa ma CD 18. Kwa ine mbalezi nzolemera kuposa lipotilo, chifukwa dera lililonse limamveka ndi sikah yakeyake.

Magawo 24 anapambana mwakachetechete pambuyo pake, kudzera m'mabuku a sukulu, kenako m'makiyibodi. Lero wofuna rast pa C amatsitsa E ndi B ndi ma cent 50 pa kiyibodi, basi. Nyimbo ikakhotera ku bayati, E ija imakhala yokwera kwa woimba wa khutu lakuthwa, ndipo oud ndi kiyibodi zikagunda notiyo pamodzi pamamveka kunjenjemera. Mu situdiyo pali njira ziwiri: kuchuna kiyibodi payokhapayokha pa maqam iliyonse motsatira mawu a woimba, kapena kuisiyitsa notiyo kuti oud aiimbe yekha.