Mkuyu wa m'chidebe si chimanga, lekani kuuthira Urea

Sabata ino yokha anthu atatu andionetsa zithunzi pafoni. Mkuyu wachizungu uli m'chidebe pakhonde, masamba ali biriwiri, akuluakulu ngati mbale, koma chipatso ngakhale chimodzi ayi. Funso lake ndi lomwe lija: "Alangizi, ndithire feteleza wanji?" Ndikafunsa amene akuthira kale, yankho ndimalidziwiratu. Urea. Ena CAN wotsala kumunda, ena zitosi za nkhuku zongokokola m'khola.

Tinazolowera chimanga, ndiye chomera chilichonse timachiyesa chimanga. Pa makilogalamu 100 a Urea, 46 ndi nayitirojeni, ndipo ntchito yake ndi kukuza masamba ndi nthambi. Mkuyu ukadya zimenezi umangothamangira m'mwamba, mfundo zake kutalikirana, zobereka n'kuiwala. Bambo wina mpaka ananditsegulira Luka 13, pamene wosamalira munda anapempha chaka chimodzi kuti aukumbire mtengo ndi kuuthira ndowe. Ndinawakumbutsa kuti mkuyu umenewo unali m'munda wamphesa, osati m'chigubu cha malita 20. M'chidebe mizu ilibe kothawira. Manja awiri a manyowa owola bwino mu Ogasiti, pamene mtengo ukuphukira, kachitseko ka botolo ka D Compound chifukwa muli potashi wothandiza zipatso, ndi phulusa pang'ono mwa apo ndi apo, basi zakwana.

Khonde lija ndilo vuto lachiwiri. Mtengo uwu kwawo ndi kumayiko a dzuwa ozungulira nyanja ya Mediterranean. Umafuna dzuwa lowomba pamasamba maola 6 kapena 8 pa tsiku. Ngati mukuusunga pamthunzi kuti alendo aziuona, ndiye mwasankha duwa, musadandaule za zipatso.

Kodi munayang'anapo pamene nkhuyu imatulukira? Imatuluka pa nthambi yatsopano, pakhwapa pamene tsamba lakumana ndi nthambi. Nthambi ikafika masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, tsinani nsonga yake. Amene analimapo fodya sindikufunika kuwafotokozera. Mphamvu imene ikanapita kutalika imabwerera ku tizipatso. Koma utomoni woyera umene umatuluka musauseweretse, umawotcha khungu makamaka dzuwa likawombapo, sambani msanga.

Chidebe chisakhale chachikulu kuposa msinkhu wa mtengo. Yambani ndi cha malita 20, mudzasamutsire m'cha malita 40 kapena 60 mizu ikadzaza. Boolani pansi, ndipo muchikhazike pa njerwa. Mu Okutobala chidebe chakuda chimatentha ngati chiwaya, ndipo tsiku limodzi lokha losathirira likhoza kuyoyola tizipatso tonse. Thirirani tsiku ndi tsiku mpaka madzi atulukire pansi. Mvula ikakhazikika zinthu zimatembenuka: nkhuyu zoyamba kupsa zimang'aluka ndi kusasa, choncho kokerani chidebe m'mbali mwa nyumba pamene denga limatchinga. Musathyole yosapsa kuti mukavundike ngati nthochi. Nkhuyu ikachoka pamtengo sipsanso. Dikirani ifewe, khosi lake liwerame.

Tsopano za ogulitsa mbande m'misewu. Tonse tikuudziwa mwambi wa chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Tizilombo timene mumatipeza mukang'amba nkhuyu ya kudambo, tambiri ndi timavu ting'onoting'ono tonyamula ufa wobereketsa, ndipo mtundu uliwonse wa mkuyu uli ndi kake. Koma mwa mikuyu yachizungu, mitundu monga Brown Turkey, Black Mission ndi White Genoa imabereka yokha popanda kachilomboka, n'chifukwa chake ndi imene timalimbikitsa. Koma nkhuyu zouma za m'masitolo, zimene zambiri zimachokera ku Turkey, ndi za mtundu wofuna kachilombo kakekake, osati ka nkhuyu ya kudambo. Wina akafesa njere zake n'kukugulitsani mbande, mukhoza kuthirira zaka zisanu, tizipatso tikumangofota n'kugwa. Gulani mbande yochokera ku nthambi yodulidwa pa mtengo umene wina anadyapo kale. Yoteroyo kawirikawiri imabereka chaka chachiwiri kapena chachitatu. Wogulitsa akalephera kunena kumene anadula, bwezani ndalama m'thumba.

Koma chimene chimandisowetsa mtendere ndi nkhani ya mayi ena achikulire. Mtengo wawo unachokera ku kanthambi kamene malemu amuna awo anabwera nako kuchokera ku Joni, atakakulunga m'nyuzipepala yonyowa. Unabereka zaka zingapo. Atausamutsira m'chidebe chachikulu, anatapa dothi la m'dimba mmene ankalima tomato chaka ndi chaka. Patapita miyezi, masamba anayamba kufota masana ngakhale dothi lili lonyowa, atsopano kumatuluka ang'onoang'ono, achikasu. Chizindikiro chimenechi mlimi wa fodya aliyense amachidziwa. Ndi manematodi, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu, ndipo mkuyu umagwidwa nato msanga kwambiri.

Mayiwo sanafunse mlangizi. Neba anawauza kuti akhome msomali pathunthu. Wina anati athire mchere. Kenaka kunabwera mnyamata wa botolo lopanda dzina, akuti ndi mankhwala obereketsa mtengo uliwonse, mango, mapeyala, zonse. Anagula kawiri. Mchere m'chidebe, abale, ndi kupha mtengo ndi manja anu. Pamene ankandiitana n'kuti patatha chaka ndi miyezi. Titazula, mizu yonse inali mfundomfundo ngati mikanda, ina itawola kale, makungwa atakwinyika mpaka kunsonga.

Mizu yotero ine sindikanaichiza, zimenezo ndivomere. Koma nthambi zikanapulumuka, chifukwa manematodi amenewa sakwera kumtunda. Akanandiitana mu Juni kapena Julayi woyamba uja, pamene mkuyu umakhala utayoyola masamba, tikanadula timitengo tinayi tonenepa ngati chala, totalika masentimita 20, n'kutizika mu mchenga wosakaniza ndi manyowa owola. Tiwiri kapena titatu tikanagwira. Ndinayeserabe kudula nsonga ziwiri zimene zinkaoneka ngati zili ndi moyo, koma sizinaphuke.

Ndiye ngati mtengo wanu ukufota dothi lili lonyowa, musadikire kuti muone mmene zikhalire mvula ikagwa. Chipendeketseni chidebecho lero, musolole mtengo ndi dothi lake, muyang'ane mizu. Ikakhala yosalala koma yazungulirazungulira, dikirani Juni muidulire ndi kusintha dothi, ntchito imene imafunika zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Mukaona mfundo, dulani nthambi zobzala, dothilo mukataye kutali ndi dimba, ndipo chidebecho muchitsuke ndi madzi owira musanabzalemo china.